Grace Hopper

Grace Brewster Murray Hopper (9 Disembala 1906 – 1 Januwale 1992) anali katswiri wa masamu wa ku United States, msilikali wa gulu lankhondo la pamadzi la dzikolo, komanso mmodzi mwa anthu oyambirira kulemba mapulogalamu a kompyuta. Amadziwika kwambiri chifukwa cholimbikira mfundo imene anthu ambiri a nthawi yake ankaikana, yakuti munthu angathe kulamula kompyuta ndi mawu amene iye mwini amawamva, kenako kompyutayo n'kuwamasulira yokha kukhala manambala amene makina amatsatira. Pa mfundo imeneyi anatsogolera ntchito yopanga pulogalamu ya A-0 ndi chilankhulo cha FLOW-MATIC, chimene chinadzakhala maziko a COBOL, chilankhulo chimene mabanki ndi maboma ambiri akugwiritsabe ntchito. Anapuma usilikali ali ndi zaka 79, ali pa udindo wa rear admiral.

Ubwana ndi maphunziro

Hopper anabadwira mumzinda wa New York ndipo anali woyamba m'banja la ana atatu. Bambo ake, Walter Fletcher Murray, ankagwira ntchito ya inshuwalansi, ndipo mayi ake, Mary Campbell Van Horne, ankakonda masamu. Ali ndi zaka 7 anamasula wotchi yodzutsa anthu kuti aone mmene imayendera. Atalephera kuibwezeretsa anatenga ina, mpaka mawotchi asanu ndi awiri a m'nyumbamo anali zidutswazidutswa mayi ake asanazindikire.

Atafunsira malo ku koleji ya atsikana ya Vassar ali ndi zaka 16, anamukana chifukwa sanakhoze bwino Chilatini. Anamulandira chaka chotsatira, ndipo mu 1928 anamaliza digiri ya masamu ndi physics. Anapitiriza ku yunivesite ya Yale, kumene analandira digiri yachiwiri mu 1930 ndi ya udokotala wa masamu mu 1934, moyang'aniridwa ndi Øystein Ore wa ku Norway. Pa nthawiyo akazi amene ankafika pamenepa m'masamu anali owerengeka. Mu 1930 anakwatiwa ndi Vincent Foster Hopper, yemwe anadzakhala mphunzitsi pa yunivesite ya New York. Banjali linatha mu 1945 popanda ana, koma iye anasunga dzina la Hopper mpaka imfa yake.

Anayamba kuphunzitsa masamu ku Vassar mu 1931. Ankauza ophunzira ake kuti azilemba nkhani zofotokoza mmene apezera yankho, ndipo pochonga ankayang'ananso kalembedwe kawo. Ena ankadandaula kuti anabwera kudzaphunzira masamu osati Chingerezi, koma iye ankaona kuti masamu amene munthu sangathe kuwafotokozera mnzake alibe phindu.

Nkhondo ndi makina a Mark I

Dziko la Japan litaphulitsa Pearl Harbor mu Disembala 1941, Hopper anafuna kulowa usilikali wa pamadzi. Anamukana pa zifukwa zitatu: msinkhu wake unali utapitirira, thupi lake linali lopepuka kwambiri chifukwa ankalemera pafupifupi makilogalamu 48, ndiponso boma linkaona kuti mphunzitsi wa masamu ndi wofunika m'kalasi. Sanagwe ulesi. Anapempha tchuthi ku Vassar, anapeza chilolezo chapadera pa nkhani ya kulemera kwake, ndipo mu Disembala 1943 analumbira kulowa gulu la Naval Reserve kudzera mu nthambi ya akazi yotchedwa WAVES. Pa maphunziro a usilikali ku Smith College, m'chigawo cha Massachusetts, anakhala nambala wani mu 1944.

Anamutumiza ku yunivesite ya Harvard kukagwira ntchito pansi pa Howard Aiken, yemwe ankayang'anira makina owerengetsera otchedwa Mark I, opangidwa ndi kampani ya IBM. Makinawa anali aatali mamita pafupifupi 16, okwera mamita oposa awiri, olemera matani pafupifupi asanu, ndipo anali ndi tizitsulo toposa 750,000. Ankatha kuphatikiza katatu pa sekondi imodzi, koma kuchulukitsa kamodzi kunkawatengera masekondi 6. Foni wamba ya lero imawaposa kutali, koma makinawa ankagwira ntchito usana ndi usiku osatopa, ndipo asilikali ankawafuna powerengetsa mmene zipolopolo za mizinga zimaulukira.

Malangizo ankalowa m'makinawo kudzera pa tepi ya pepala yobooledwa timabowo. Wolemba pulogalamu ankayenera kuphwanya funso la masamu kukhala timasitepe ting'onoting'ono, ndipo sitepe iliyonse ankailemba ngati manambala osonyeza kumene nambala ichoke, kumene ipite ndi chimene ichitidwe. Hopper ankagwira ntchitoyi pamodzi ndi Richard Bloch ndi Robert Campbell. Aiken anamupatsanso ntchito yolemba buku lofotokoza kagwiritsidwe ntchito ka makinawo. Bukulo linatuluka mu 1946, la masamba oposa 500, ndipo lili m'gulu la mabuku oyambirira ophunzitsa kulemba mapulogalamu.

Ku Harvard n'kumene vuto limene anadzalimbana nalo moyo wake wonse linaonekera. Olemba mapulogalamu ankasunga m'makope awo tizigawo ta malangizo timene tinayesedwa kale n'kupezeka kuti n'tolondola. Wina akafuna kagawo kotere ankabwereka kope la mnzake n'kukopera ndi dzanja, ndipo ankayeneranso kusintha manambala onse osonyeza malo kuti agwirizane ndi pulogalamu yake. Pokopera ankalakwitsa. Hopper ankakonda kupereka chitsanzo cha chilembo B chimene wokopera ankachiwerenga ngati 13.

Nkhani ya kadziwotche

Pa 9 Seputembala 1947 makina a Mark II anasokonezeka, ndipo ogwira ntchito anapeza kadziwotche atapanikizika m'kachiwiya kotsegula ndi kutseka magetsi kotchedwa relay. Anamumata m'buku lolembamo zochitika za tsiku, ndipo bukulo likusungidwa ku National Museum of American History mumzinda wa Washington. Nkhaniyi inkaseketsa anthu chifukwa mawu a Chingerezi akuti bug amatanthauza kachilombo komanso vuto la m'makina. Anthu ambiri amanena kuti Hopper ndiye anapeza kadziwotcheyo ndiponso kuti ndiye anayambitsa mawuwa, koma zonsezi sizoona. Amisiri ankawagwiritsa ntchito kale, ngakhale Thomas Edison cha m'ma 1870. Chimene Hopper anachita n'kuifotokoza nkhaniyi kambirimbiri mpaka inafala, ndipo lero imatchuka kuposa ntchito yake yeniyeni.

UNIVAC ndi A-0

Nkhondo itatha anapempha kuti alowe usilikali wokhazikika, koma anamukananso chifukwa cha msinkhu. Vassar inamuitana kuti akakhale pulofesa, iye n'kusankha kutsala ku Harvard. Mu 1949 anasamukira ku Philadelphia kukagwira ntchito ku kampani yaing'ono ya Eckert–Mauchly Computer Corporation, imene inkapanga kompyuta ya UNIVAC I. Zaka zimenezi sizinali zophweka kwa iye. Wolemba mbiri yake Kurt Beyer anasonyeza m'buku la mu 2009 kuti pa nthawiyi Hopper ankavutika ndi mowa, ndipo anzake ena anamuthandiza kuti aimenso bwino. Kampaniyo nayonso inali pa mavuto a ndalama, ndipo mu 1950 inagulidwa ndi Remington Rand. UNIVAC I yoyamba inapita ku ofesi ya kalembera wa anthu ya United States mu 1951, ndipo mu 1952 makina a mtunduwu anatchuka atalosera molondola pa wailesi ya kanema ya CBS kuti Dwight Eisenhower apambana chisankho.

Atangofika ku kampaniyi ankalemba mapulogalamu m'kawerengedwe kotchedwa octal, kamene kamagwiritsa ntchito manambala 0 mpaka 7 okha, moti 7 kuphatikiza 1 amalembedwa 10, ndipo 5 kuphatikiza 5 amalembedwa 12. Anakazolowera kwambiri mpaka anayamba kukagwiritsa ntchito mosazindikira powerengetsa ndalama zake za ku banki, ndipo mawerengero ake sankagwirizana ndi a banki. Ankatchula zimenezi posonyeza kuti makina anali kukakamiza munthu kuganiza ngati makina.

Pakati pa 1951 ndi 1952 analemba pulogalamu ya A-0. Anasonkhanitsa tizigawo ta malangizo toyesedwa kale tija pa tepi imodzi, ndipo kalikonse anakapatsa nambala yake yoitanira. Wolemba pulogalamu ankangolemba mndandanda wa manambala oitanirawo pamodzi ndi zimene akufuna kuwerengetsa. Kompyuta inkafufuza yokha tizigawoto, n'kutikopera, n'kukonza manambala a malo, n'kutulutsa pulogalamu yathunthu. Ntchito yokopera, imene anthu ankalakwitsa, inapita kwa makina amene salakwitsa kukopera. Anaitcha compiler, kuchokera ku mawu a Chingerezi otanthauza kusonkhanitsa, ndipo anaifotokoza mu Meyi 1952 pa msonkhano wa bungwe la ACM ku Pittsburgh, m'pepala lotchedwa The Education of a Computer.

Masiku ano compiler ndi pulogalamu imene imamasulira zonse zimene munthu walemba kukhala chilankhulo cha makina, ngati munthu amene wapatsidwa kalata yonse kuti aimasulire asanaitumize. Pa tanthauzo limeneli A-0 inali isanafikepo, chifukwa ntchito yake yaikulu inali kusonkhanitsa ndi kulumikiza. Panalinso ena amene ankayesa zofanana, monga Alick Glennie ku Manchester mu 1952, ndi John Backus wa ku IBM amene gulu lake linatulutsa FORTRAN mu 1957. N'chifukwa chake akatswiri a mbiri sagwirizana pa funso lakuti compiler yoyamba inali iti. Chimene palibe amatsutsa n'chakuti Hopper ndiye anaigwira mfundoyi mwamphamvu ndi kuifalitsa. Anthu ambiri sankafuna kuikhudza. Ena ankati kompyuta imangodziwa kuwerengetsa basi, ena ankati pulogalamu yolembedwa ndi makina imayenda pang'onopang'ono poyerekeza ndi yolembedwa ndi katswiri, ndipo pa A-0 zimenezi zinali zoona. Yankho la Hopper linali lakuti nthawi ya munthu iyeneranso kuwerengedwa. Pamene A-2 inatuluka mu 1953, makasitomala anapatsidwa pulogalamuyo mmene inalembedwera ndipo anapemphedwa kutumiza zimene akonza.

FLOW-MATIC ndi nkhani ya chilankhulo

Mu 1954 anasankhidwa kukhala mkulu wa nthambi yoona zakuti makompyuta azidzilembera okha malangizo. Gulu lake linapanga MATH-MATIC ya anthu a masamu, koma iye anaona kuti ambiri ogula UNIVAC sanali a masamu. Anali anthu olipira malipiro, owerengera katundu m'nkhokwe ndi olemba mabilu. Anthu otere sakonda zizindikiro za algebra, choncho kuyambira mu 1953 analimbikitsa kuti malangizo awo azilembedwa ndi mawu a Chingerezi. Akuluakulu a kampani anakana, ponena kuti kompyuta singamve Chingerezi.

Iwo sananame, koma sanamvetse. Kompyuta sinkayenera kumva kanthu. Kwa makina, mawu ndi mndandanda wa zilembo umene amauyerekeza ndi mndandanda wina umene anasungiridwa kale. Akafanana, makina amachita sitepe imene inalumikizidwa ndi mawuwo. Tanthauzo limakhala m'mutu mwa munthu wowerenga. Pofuna kusonyeza zimenezi, mu 1955 gulu la Hopper linalemba pulogalamu yaing'ono yoyesera m'Chingerezi, kenako linasintha mawu ake kukhala a Chifalansa ndi a Chijeremani, ndipo onse anayenda. Malinga ndi mmene iye ankafotokozera pambuyo pake, zimenezi zinaopsa akuluakuluwo m'malo mowasangalatsa, chifukwa kwa iwo kunali kosatheka kuti makina opangidwa ku Philadelphia amve zilankhulo za ku Ulaya. Ndalama zinaperekedwa za Chingerezi chokha.

Chilankhulocho poyamba chinkatchedwa B-0, kenako FLOW-MATIC, ndipo chinafika kwa makasitomala mu 1958. Chinali ndi mawu olamula ochepa, monga COMPARE poyerekeza, TRANSFER posamutsa ndi STOP poimitsa. Chinalola wolemba kupatsa zinthu mayina omveka m'malo mwa manambala, ndiponso chinalekanitsa gawo lofotokoza mmene zolembedwa zasanjidwira ndi gawo lofotokoza zoyenera kuchita nazo.

Nkhani ya Chifalansa ndi Chijeremani ija ndi yofunika kwa aliyense amene amaphunzira makompyuta m'chilankhulo chimene sanayamwire. Chingerezi chinalowa m'zilankhulo zambiri za kompyuta chifukwa cha kumene makinawo ankapangidwa ndi kugulitsidwa, osati chifukwa makina amachifuna. Mpaka lero Microsoft Excel ya Chifalansa imalemba SOMME pamene ya Chingerezi imalemba SUM, ndipo Scratch, chilankhulo chophunzitsira ana, chimapezeka m'Chiswahili.

COBOL

Pofika mu 1959 kampani iliyonse inali ndi chilankhulo chake, ndipo pulogalamu yolembedwera makina a kampani ina sinkayenda pa makina a inzake. Wogula makina atsopano ankayenera kulembanso zonse. Unduna wa zachitetezo wa United States, umene unali ndi makompyuta 225 ndipo unali utaitanitsa ena 175, ndiwo unkamva kuwawa kwambiri. Mu Epulo 1959 Mary Hawes wa kampani ya Burroughs anaitanitsa msonkhano ku yunivesite ya Pennsylvania, ndipo Hopper analipo. Msonkhano waukulu unachitika ku Pentagon pa 28 ndi 29 Meyi motsogoleredwa ndi Charles Phillips, ndipo unabala bungwe la CODASYL. Hopper anali mlangizi wa bungweli pa zaukatswiri.

Ntchito yolemba chilankhulocho inagwiridwa ndi komiti, makamaka anthu asanu ndi mmodzi: William Selden ndi Gertrude Tierney a ku IBM, Howard Bromberg ndi Norman Discount a ku RCA, ndi Vernon Reeves ndi Jean Sammet a ku Sylvania. Anatenga zambiri ku FLOW-MATIC, chifukwa chinali chilankhulo cha mtunduwu chimene chinali chitayesedwa kale pa ntchito yeniyeni, ndipo anatenganso zina ku COMTRAN ya IBM. Malamulo a COBOL anasindikizidwa mu 1960, ndipo mu Disembala chaka chomwecho pulogalamu imodzi, yosinthidwa pang'ono chabe, inayenda pa makina a RCA 501 ndi a UNIVAC II. Cholinga chachikulu chinali chimenechi.

Mabuku ambiri amatchula Hopper kuti ndiye anapanga COBOL. Sammet, yemwe anali m'komitiyo, anatsutsa zimenezi kwa zaka zambiri, ndipo zolemba za komiti zili kumbali yake. Zoona zake n'zakuti Hopper sanalembe COBOL, koma COBOL ikanakhala chinthu china pakanapanda FLOW-MATIC.

Chitsanzo chingathandize kuona mmene chilankhulochi chimaonekera. Wogula usipa pagombe la Chintheche amene akufuna kudziwa ndalama zimene alipire amachulukitsa mtengo wa chidebe chimodzi ndi chiwerengero cha zidebe. Mu COBOL angalembe kuti MULTIPLY MTENGO BY ZIDEBE GIVING NDALAMA. Mawu atatu a Chingereziwo ndi a chilankhulocho, koma mayina enawo amasankha wolemba, ndipo compiler imawalandira malinga ngati anawafotokoza kale m'gawo la zolembedwa. Mwini bizinesi amene sanaphunzire makompyuta angathe kuwerenga mzerewu n'kuona ngati kalaliki wake walemba zolondola.

Akatswiri ambiri a m'mayunivesite sanaikonde COBOL. Ankati ndi yochulutsa mawu, ndipo Edsger Dijkstra wa ku Netherlands anaidzudzula mwaukali mu 1975 kuti imawononga kaganizidwe ka wophunzira. Kudandaula za kuchuluka kwa mawu kuli ndi maziko, chifukwa chimene chilankhulo china chimalemba m'mzere umodzi COBOL ingachilembe m'mizere ingapo. Komabe mabanki, makampani a inshuwalansi ndi maofesi a misonkho anaitenga, ndipo mapulogalamu ambiri olembedwa zaka za m'ma 1960 ndi 1970 anakhalitsa kuposa mmene olemba ake ankayembekezera. Chaka cha 2000 chikuyandikira, panafunika anthu ambiri odziwa COBOL kuti akonze mapulogalamu amene ankalemba chaka ndi manambala awiri okha. Mu Epulo 2020, pa nthawi ya COVID-19, bwanamkubwa wa New Jersey Phil Murphy anapempha poyera anthu odziwa COBOL kuti athandize, makina olipira anthu ochotsedwa ntchito atalemedwa.

Kubwerera ku usilikali

Hopper anapuma ku Naval Reserve kumapeto kwa 1966 ali ndi zaka 60, pa udindo wa commander. Mu Ogasiti 1967 anamuitananso kuti athandize kwa miyezi isanu ndi umodzi, koma anakhala zaka pafupifupi 19, kupatula nthawi yochepa pakati pa 1971 ndi 1972. Vuto linali lakuti makampani anali atayamba kuwonjezera zawozawo mu COBOL, moti chilankhulo chimodzi chija chinayamba kugawikana. Gulu lake linalemba mapulogalamu oyesera compiler iliyonse kuti aone ngati ikutsatira malamulo, ndipo wofuna kugulitsa makina kwa asilikali a pamadzi ankayenera kupambana mayesowo. Ntchito imeneyi siitchuka, koma popanda kuyesa kotere mawu akuti chilankhulo chimodzi akanangokhala a papepala. Ankalimbikitsanso kuti m'malo modalira kompyuta imodzi yaikulu, asilikali azigwiritsa ntchito makompyuta ang'onoang'ono ambiri olumikizana.

Anakwezedwa kukhala kaputeni mu 1973. Ataonekera pa pulogalamu ya 60 Minutes mu 1983, phungu wa nyumba ya malamulo Philip Crane anayambitsa pempho loti akwezedwe, ndipo mu Disembala chaka chomwecho anakhala commodore, udindo umene mu 1985 unasinthidwa dzina kukhala rear admiral.

M'zaka zimenezi ankayenda kwambiri kukalankhula kwa ophunzira ndi asilikali. Ankanyamula tizingwe ta waya ta masentimita pafupifupi 30 n'kumagawira omvera. Kutalika kumeneku ndi mtunda umene kuwala kumayenda pa nanosecond, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo biliyoni a sekondi. Ankatigwiritsa ntchito poyankha akuluakulu a asilikali amene ankafunsa chifukwa chake uthenga wodzera pa setilaiti umachedwa, komanso pofotokoza chifukwa chake kompyuta yothamanga iyenera kukhala ndi ziwalo zoyandikana. Ankaonetsanso mkulunga wa waya wa mamita pafupifupi 300, woimira gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi, kuti olemba mapulogalamu aone kukula kwa nthawi imene amataya. Mu ofesi yake munali wotchi yoyenda chobwerera m'mbuyo, imene ankasonyeza anthu okana njira yatsopano pa chifukwa chongoti sinachitikepo.

Imfa ndi ulemu

Anapuma komaliza pa 14 Ogasiti 1986, pa mwambo umene unachitikira m'sitima yakale ya USS Constitution ku Boston. Pa nthawiyo anali ofesala wamkulu msinkhu kuposa onse amene anali pa ntchito m'gulu lankhondo la pamadzi la United States. Kenako analembedwa ntchito ya ulangizi ku kampani ya Digital Equipment Corporation, ndipo anaigwira mpaka pamene anamwalira ku Arlington, m'chigawo cha Virginia, ali ndi zaka 85. Anaikidwa m'manda a asilikali a Arlington National Cemetery.

Mu 1969 bungwe la Data Processing Management Association linamupatsa mphoto yake yoyamba ya katswiri wa makompyuta wa chaka, ngakhale dzina la mphothoyo linkanena za mwamuna. Mu 1973 anakhala mkazi woyamba komanso munthu woyamba wa ku United States kulandira ulemu wa Distinguished Fellow wa British Computer Society, ndipo mu 1991 analandira National Medal of Technology. Atamwalira, sitima yankhondo ya USS Hopper inatchedwa dzina lake, pulezidenti Barack Obama anamupatsa Presidential Medal of Freedom mu 2016, ndipo mu 2017 yunivesite ya Yale inasintha dzina la Calhoun College kukhala Grace Hopper College. Msonkhano wa akazi ogwira ntchito za makompyuta wotchedwa Grace Hopper Celebration unayamba mu 1994. Bungwe la ACM limapereka mphoto ya Grace Murray Hopper kwa akatswiri achinyamata kuyambira mu 1971, ndipo woyamba kuilandira anali Donald Knuth.